Zotsala za Mwana Zimapita Kuti?

Nthawi yangokwana 7 koloko madzulo. Nsima yaomoledwa, bonongwe wotendera ali m'mbale yake, fungo la usipa wa tomato lafika mpaka kwa aneba. Kamnyamata ka zaka zinayi kakhala pamkeka, katema mbamu ziwiri, kasunsa mumsuzi, kenaka kakankhira mbale kutali. "Sindifuna. Muli zamasamba." Amake anyengerera. Aopseza kuti aitana galu. Alonjeza switi mawa kukacha. Zonse zakanika. Mapeto ake adzuka, akupiza mbaula yomwe inayamba kale kuzilala, akazinga dzira. Mwana adya theka, tulo n'kumugwira pomwepo. Pamkeka patsala mtanda wongotemedwa m'mbali, theka la dzira lonyezimira mafuta, ndi kapu ya Sobo yomwe inabwera ngati chiphuphu.

Zimenezi zipita kuti? Aliyense wokulira m'nyumba ya kuno kwathu akudziwa. Chakudya sichitayidwa. Amene anaona njala ya 2002 ndi maso ake, kapena anamvapo agogo akusimba ya 1949, dzanja lake silingalole kukhuthulira nsima kudzala. Ndiye mayi uja, amene wadya kale mtanda wake n'kukhuta, amaliza za mwanazo ali chiimire, ulendo wa kotsuka mbale. Mukamufunsa, sanadye kawiri. Wangochotsa za pamkeka.

Mayi ameneyo ndinali ine. Tsiku lina nditapita ndi mzime wanga kusikelo, namwino anati nanenso ndikwere sikelo ya akuluakulu, n'kundiyezanso BP. Anayang'ana makina, n'kuyang'ana ine, n'kuyezanso kachiwiri. Ndinayankha funso lomwe anali asanafunse: "Komatu ine sindidya kwambiri, anesi." Sanatsutse. Anangoti, "Mayi, kwa masiku atatu muzikalemba chilichonse cholowa m'kamwa, kaya mwakhala pansi, kaya mwaima." Ndinakalemba kuseri kwa kalendala. Zodya nditakhala pansi zinali zochepadi, sindinkanama. Koma zodya chiimire zinadzaza pepala: masupuni a phala lomwe mwana anasiya m'mawa, ndasi lomwe mkulu wake analuma kamodzi n'kuliponya m'chikwama cha kusukulu, nthuli ziwiri zolawira mchere pokazinga, mtedza wodzaza dzanja posinja nsinjiro, nkhoko za mumphika zomwe ndimazikonda chiyambire ubwana wanga. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tsiku lililonse ndinkadya chakudya chachinayi chomwe chinalibe mbale, chinalibe nthawi, chinalibenso mboni.

Pepala lija linandionetsa kuti kunenepa kwanga ndi kusankha ndiwo kwa mwana wanga zinali nkhani imodzi. Mwana akakana, pamabwera mphika wachiwiri. Mphika wachiwiri nthawi zonse umakhala wokazinga, chifukwa ndi wachangu ndiponso ndi womwe mwana sakana. Zotsala zimakhala ziwiri, zokanidwa zija ndi zosamalizidwa izi, ndipo mimba yozilandira ndi imodzi. Malangizo ambiri ochepetsera thupi amalembedwa ngati munthuyo amakhala yekha, amagula za yekha, amaphika za yekha. Wophikira banja ali ndi vuto lina: dzanja lake limakhala m'chakudya kuyambira kadzutsa mpaka mgonero.

Botolo, kasupuni ndi chipande

Mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi imawerengedwa m'makalori. Mayi wogwira ntchito yokhala pansi, kaya muofesi kaya pabenchi la malonda, amafuna makalori pafupifupi 2,000 patsiku. Wolima kapena wotunga madzi kutali amafuna oposa pamenepo. Zopitirira pa zomwe lagwiritsa ntchito, thupi silitaya. Nalonso linaleredwa ngati ife: limasunga m'nkhokwe, ndipo nkhokwe yake ndi mafuta a pamimba, m'chiuno ndi m'ntchafu. Kuti nkhokweyo iyambe kutsika ndi pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata, munthu ayenera kuchepetsa makalori ngati 500 patsiku. Zikumveka zambiri, koma m'khitchini mwathu makalori amenewa sasowa kowapeza.

Yambani ndi botolo la mafuta ophikira. Galamu imodzi ya shuga kapena ya zokhutitsa monga za mu ufa ili ndi makalori 4, pomwe galamu imodzi ya mafuta ili ndi 9. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo lita yathunthu imaposa 8,000. Ambirife sitiyeza. Timapendeketsa botolo mpaka pansi pa poto pasowe pouma, ndipo ndiwo zikapsa pamwamba pamayandama dziwe lofiira lomwe alendo amaliyamikira. Lembani tsiku pabotolo pomwe mwalitsegula, muone kuti litha liti. Banja la anthu asanu likamamaliza lita pa sabata, ndiye kuti aliyense akumwa makalori oposa 200 patsiku a mafuta okhaokha, ndipotu sagawana mofanana. Wokomba poto amalandira gawo la awiri.

Ine ndinalakwitsa podula mafuta tsiku limodzi. Bambo a kunyumba anatema nsima, n'kusunsa, n'kuyang'anitsitsa mbale. "Mayi, kodi mafuta akwera mtengo chonchi? Ndiwozi ngati tagonekedwa m'chipatala." Mawa lake botolo linapendekekanso. Ulendo wachiwiri ndinachenjera. Ndinayamba kuyeza ndi supuni, n'kumachotsa supuni imodzi sabata iliyonse osauza munthu, ndipo palibe anazindikira. Lilime limazolowera pang'onopang'ono, koma likadzidzimutsidwa limaimba mlandu wophika. Anyezi akayamba kugwira pansi, thirani timadzi m'malo mowonjezera mafuta. Tomato wakupsa bwino, adyo ndi katsabola pang'ono zimagwira ntchito yambiri yomwe timaganiza kuti ndi ya mafuta. Nkhuku ili ndi mafuta ake pakhungu, sifuna ena ambiri. Nsomba yootcha kapena yophika mumsuzi ndi ndiwo yomweyo imene makolo athu ankadya chiwaya chisanafike pamsika uliwonse. Nsinjiro ndi zabwino kwambiri, koma magalamu 100 a mtedza ali ndi makalori oposa 550, choncho ndiwo imodzi isakhale yotendera ndi yokazinga nthawi imodzi. Sankhani chimodzi.

Za shuga ndi zachidule, koma zimawawa. Kasupuni ka tiyi kosefukira ndi kamene timakadziwa ife. Kolinganiza pamwamba kamalemera magalamu 4, makalori 16. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asamafike pa gawo limodzi mwa magawo khumi a makalori a tsiku, omwe kwa munthu wamkulu ndi magalamu ngati 50, timasupuni 12, ndipo linati kufika pa theka la pamenepo n'kwabwino koposa. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi la mamililita 300 limakhala ndi magalamu pafupifupi 30. Onjezani makapu awiri a tiyi wa masupuni atatuatatu, thobwa wotsekemera wa masana ndi Sobo uja mwana wasiya, mwadutsa kale malire dzuwa lisanalowe. Choipa cha shuga wakumwa n'chakuti mimba siimuwerengera. Mumamwa makalori a mtanda wathunthu, njala n'kukhala pomwe inali. Ena amati shuga wa kuno amathiramo vitamini A, ndipo n'zoona, koma vitamini yemweyo ali m'maungu, m'mapapaya, m'mango, m'masamba obiriwira ndi m'mbatata yofiira mkati monga Kadyaubwerere, popanda kuboola mano a ana.

Tsopano nsima, yomwe ambiri amathamangira kuipachika mlandu. Ndamvapo amayi akulumbira kuti asiya nsima, kenaka n'kumadya buledi wa majarini m'mawa, mpunga wodzaza mbale masana ndi tchipisi madzulo. Kumeneko n'kuthawa mvula n'kukagwera mumtsinje. Nsima ilibe mafuta othira, ilibe shuga wothira, ilibe mchere: ndi ufa ndi madzi. Magalamu 100 a ufa ali ndi makalori ngati 360, ndipo pamenepa mgaiwa ndi ufa woyera sizisiyana kwenikweni. Musamve zoti mgaiwa sunenepetsa. Ubwino wake ndi wakuti madeya ndi mtima wa chimanga zimakhala momwemo, motero umakhalitsa m'mimba ndipo njala imachedwa kubwerera. Ngati ana amaukana chifukwa cha mtundu, sakanizani ndi woyera, muziwonjezera mgaiwa mwakachetechete monga munachitira ndi mafuta aja. Koma nkhani yeniyeni ya nsima ili pa chipande. Mitanda iwiri ikhale umodzi ndi theka, patapita milungu ingapo ukhale umodzi. Ine ndinagula kachipande kakang'ono ka ine ndekha, ndipo kamtanda kanga ndimakaomola koyamba, mphika ukadali wodzaza, mtima usanayambe kuwerengera zotsala.

Apa ndi pomwe mwambo wathu umatipinga pang'ono. Tonse tinakula tikudzudzulidwa kuti tisasuse. Nsima ndiye chakudya, ndiwo ndi zongotsitsira. Mwana wotapa ndiwo zambiri pa mbamu imodzi ankamenyedwa pachala. Lamulolo linali ndi nzeru yake pomwe kambale kamodzi ka ndiwo kankayenera kukwanira anthu asanu ndi awiri obwera kumunda. Kwa munthu wofuna kuchepetsa thupi, lamulolo liyenera kutembenuzidwa. Susani. Theka la mbale yanu likhale masamba, kaya nkhwani, chisoso, khwanya, kholowa, kabichi kapena mpiru. Mbali yotsalayo igawidwe pakati, kwina nsima, kwina nyemba, nandolo, usipa, dzira kapena nyama. Barbara Rolls, katswiri wa kadyedwe pa yunivesite ya Pennsylvania State ku America, wakhala akuonetsa m'kafukufuku wake kuti kukhuta kumadalira kwambiri kuchuluka kwa zomwe zalowa m'mimba, osati makalori ake okha, ndiponso kuti munthu ukamuikira zambiri amadya zambiri osazindikira. Gawo lalikulu la masamba ndi madzi ndi tizingwezingwe: amadzaza mimba pamtengo wotsika. WHO imati munthu azidya magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Nthawi ya dzinja chisoso ndi bonongwe zimamera zokha kuseri kwa nyumba, ndipo m'chilimwe kuli mfutso. Vuto limangokhala kuti pophika timathothola kamtolo kamodzi ka banja lonse. Phikani mitolo itatu, ndipo soda muchepetse, chifukwa imafewetsa masamba koma imawononga mavitamini ena.

Chinanso n'chakuti mbale ikhale yanuyanu. Kudyera pamodzi m'mbale imodzi ndi ana n'kokoma, koma simungadziwe kuti mwadya zingati. Dzanja limangopita ndi kubwera mpaka mbale iyere.

Mbaula yachiwiri

Nanga kamnyamata kaja? Choyamba n'kudziwa kuti sikalodzedwa, ndipo sikakuchita chipongwe. Khanda limakula mothamanga, moti pofika chaka chimodzi limalemera katatu kuposa pobadwa. Kenaka liwiro limatsika, mwana amangowonjezera makilogalamu awiri kapena kuposa pang'ono pachaka, ndipo njala yake imatsika nawo. Nthawi yomweyonso, kuyambira cha pa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, ana ambiri amayamba kukayikira chakudya chilichonse chachilendo. Mwana amabadwa akukonda zotsekemera ndi kudana ndi zowawa, ndipo kakuwawa ka mpiru kapena luni, komwe kwa inu n'kokoma, kwa iye kamakuwa m'kamwa. Akatswiri amaganiza kuti kukayikira kumeneku kunkateteza mwana wongoyamba kuyenda kuti asamangothyola chilichonse kutchire n'kuponya m'kamwa. Zimachitika ku Ndirande, zimachitikanso ku London.

Leann Birch, katswiri wa ku America amene anafufuza kadyedwe ka ana kuyambira cha m'ma 1980, anapeza kuti mankhwala a kukayikiraku ndi kubwereza. Mwana amafunika kulawa chinthu kambirimbiri, nthawi zambiri kuyambira ka 8 mpaka ka 15, asanachivomere. Ife timagonja ulendo wachitatu n'kulengeza pamaso pa mwanayo kuti, "Ameneyu masamba sadya," iye n'kulandira udindowo. Mu 2003 Jane Wardle ndi anzake ku London anapempha makolo kuti azipatsa mwana kachidutswa kakang'ono ka ndiwo yomwe amaikana, tsiku lililonse kwa masiku 14, popanda kukakamiza. Ana ambiri anayamba kuikonda ndiwoyo kuposa kale. Birch anapezanso chinthu chomwe chinandichititsa manyazi nditachimva: kulonjeza mphotho kuti mwana adye chakudya kumapangitsa kuti chakudyacho achikonde pang'ono kuposa kale. "Ukamaliza masamba ndikupatsa switi" amamveka kwa mwana kuti masamba ndi ganyu, switi ndi malipiro. Ndani anakondapo ganyu?

Ellyn Satter, katswiri wina wa ku America komweko, anagawa ntchito ya pamkeka pawiri, ndipo kagawidwe kake kakhala kakugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri kuyambira m'ma 1980. Kholo ndiye losankha chophika, nthawi yodyera ndi malo odyera. Mwana ndiye wosankha ngati adye kapena ayi, ndi kuti adye zingati. Kholo likalowa m'munda wa mwana, kumukanikizira mbamu m'kamwa uku likumugwira mphuno, pamabuka nkhondo. Mwana akalowa m'munda wa kholo, n'kumalamula kuti lero kuphikidwe soseji, ndi pomwe mbaula yachiwiri imakolezedwa. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wovumbwa ndi mayi.

Pakhomo panga zinayenda motere. Mphika ndi umodzi wa nyumba yonse. Pamkeka pamakhala chinthu chimodzi chomwe ndikudziwa kuti mwanayo sachikana, kaya nsima ndi msuzi wa nyemba, kaya mbatata, kuti asagone ndi njala yeniyeni. Pambali pake ndimaika masamba ochepa kwambiri, osakwana ndi supuni yomwe, ndipo sindinenapo kanthu. Akadya, sindiimba nthungululu. Akasiya, sindikalipa. Akati, "Ndikufuna dzira," ndimayankha kuti, "Dzira ndi la mawa m'mawa, lero tadya izi," n'kupitiriza kudya zanga. Masiku atatu oyamba analira mpaka agogo ake anatuluka m'chipinda. "Mukumuzunziranji mwanayu? Dzira limodzi lomweli?" Ndinawapempha kuti andipatse milungu iwiri. Chovuta kwambiri sichinali kulira kwa mwana, chinali kugwira dzanja la agogo lomwe linkapita kumpindiro wa nsalu kukatulutsa ndalama ya makamba. Mwana amene wadya paketi ya makamba ndi filizesi 5 koloko sangakhale ndi njala 7 koloko, ndipo wokhuta aliyense amasankha ndiwo. Zokhwasula zikhale ndi nthawi yake, kamodzi m'mawa, kamodzi masana, ndipo zikhale chakudya chenicheni: nthochi, gwafa, chinangwa chophika, mtedza kwa ana okulirapo. Ngati muli ndi wokuthandizani ntchito pakhomo, lamulo limeneli alidziwe, apo ayi mudzakhala mukutunga madzi ndi dengu.

Musayeze kadyedwe ka mwana ndi mgonero umodzi. Dokotala wa ana wotchedwa Clara Davis anachita kafukufuku wotchuka ku America m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, pomwe ana ongosiya kuyamwa ankaikiridwa zakudya zosiyanasiyana zosakometsera kuti azisankha okha. Pa chakudya chimodzi ankasankha zodabwitsa, tsiku lina n'kudya pang'ono, tsiku lina zambiri, koma pakutha kwa miyezi ankakula bwinobwino. Pa zomwe ankaikiridwazo panalibe maswiti kapena mabisiketi, ndipo mfundo yagona pamenepo.

Ndiye tibwerere ku zotsala zija. Zotsala zimabadwa popakula. Timaikira mwana wa zaka zitatu mtanda wa munthu wamkulu chifukwa cha chikondi, pomwe kamimba kake n'kongoposa pang'ono kachibakera kake. Muikireni theka la zomwe mtima ukukuuzani. Akafuna zina apempha, ndipo kupemphako kumamusangalatsa kuposa kukakamizidwa. Zikatsalabe, zivundikireni pomwepo musanaime nazo m'manja. Nsima yosakhudzidwa ndi mkute wa mawa, ndiwo zabwino zikatenthetsedwa mpaka kuwira zimadyekanso. Zogwiragwira za mwana ndi nkhoko zipite kwa nkhuku. Pamenepo simunataye, zidzabwera ngati mazira. Polawa mchere, nsonga ya supuni ndi yokwanira. Nthuli yathunthu silawa bwino kuposa dontho la msuzi wake.

Chenjezo limodzi lokha ndilinene mwamphamvu. Wochepetsa thupi ndi inu, osati mwana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, pomwe amayi 21 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyezo, makamaka m'matauni. Mavuto awiriwa amatha kugona m'nyumba imodzi. Mwana wamng'ono amafuna mafuta kuti akule, ndipo vitamini A wa m'masamba salowa bwino m'thupi popanda timafuta. Choncho mphika ukhale umodzi, kusiyana kuchitikire pambale: kwa inu mukuchotsa, kwa iye mukuwonjezera. Supuni ya nsinjiro m'phala lake, kachidutswa ka peyala, dzira, mkaka, usipa wosinja wothira mumsuzi. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa kusikelo, zokhutitsa, za nyama, za nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta, onse azifika pambale yake. Khadi la kusikelo ndiye woweruza. Mzere ukamakwera, mwana akumasewera, kusankha ndiwo si matenda. Ukaima kapena kutsika, kapena mwana akamatsamwa ndi kusanza pakudya, akamafooka, akamakana pafupifupi chilichonse, pitani naye kuchipatala. Ndipo pamaso pa ana, makamaka atsikana, musamadzinyoze kuti "taonani chimimbachi." Amamva, ndipo amasunga.

Anthu ati chiyani?

Kuno kwathu kunenepa ndi moni. "Mwanenepa bwanji! Akukusungani bwinotu." Mkazi akawonda, mlandu umagwera mwamuna. Apongozi anga atabwera kuchokera kumudzi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kudikira mwana wawo atuluke, kenaka n'kundifunsa chapansipansi: "Kodi ya ndiwo akumakusiyirani? Musandibisire." Pali ndi funso lina lomwe anthu safunsa pakamwa, amafunsa ndi maso. Mtundu womwe unaika maliro ochuluka chifukwa cha Edzi m'zaka za m'ma 1990 sungaone munthu akuwonda osakumbuka. Ndikudziwa amayi amene anasiya kuchepetsa thupi, BP ili m'mwamba, poopa miseche ya kutchalitchi. Sindiwaseka. Koma matenda a shuga ndi sitiroko sizifunsa aneba kuti zilowe.

Chotonthoza n'chakuti simukufunika kubwerera pa thupi la pa chinkhoswe. Kutsika ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwanu kumathandiza kale BP ndi shuga wa m'magazi. Kwa mayi wa makilogalamu 80, amenewo ndi makilogalamu 4 mpaka 8 basi, ndipo pa liwiro la theka la kilogalamu pa sabata, ndi ntchito ya miyezi ingapo yomwe aneba sangaione ngati matenda. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsata anthu oposa 3,000 omwe anali pafupi kudwala shuga. Gulu lomwe linalimbikitsidwa kutsitsa thupi ndi magawo 7 pa 100 ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata linachepetsa chiopsezo cha matendawa ndi magawo 58 pa 100. Mphindi 150 ndi theka la ola masiku asanu: kutsika minibasi siteji imodzi musanafike, kuperekeza ana kusukulu wapansi m'malo mokwera kabaza, kulima kadimba ka masamba omwewo. Kungoti musadzinamize kuti kuyenda kumafafaniza mandasi. Kuyenda theka la ola kumatha kubwezedwa ndi ndasi limodzi lalikulu.

Matiyi ochepetsa thupi omwe amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, ambiri ntchito yawo n'kutsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsika chifukwa madzi atuluka, nkhokwe ili chikhalire. Madzi ofunda a mandimu ndi abwino kumwa, koma sasungunula mafuta. Kudumpha nkhomaliro nako kumabwezera: 6 koloko imakupezani pambaula muli ndi njala ya fisi, mthiko uli m'manja. Mayi woyembekezera asachepetse thupi, ndipo woyamwitsa asadzimane chakudya, angochepetsa shuga ndi zokazinga. Mankhwala ena amawonjezera thupi mwa anthu ena, monga jakisoni wolera wa miyezi itatu ndi ma ARV okhala ndi dolutegravir, omwe dziko lino linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019. Amenewa sasiyidwa chifukwa cha sikelo. Kambiranani ndi adokotala. Wodwala shuga amene akumwa mankhwala afunsenso kaye asanadule nsima, kuopa shuga kutsika mwadzidzidzi. Ndipo thupi likamatsika lokha musanasinthe kalikonse, kumeneko si kupambana, n'kofunika kukayezetsa.

M'nyumba zambiri mulibe sikelo, ndipo sikofunika kugula. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuyambira kuphazi mpaka pamutu, mudule, mupinde pakati, kenaka muzungulize m'mimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Nsonga zikakumana, zili bwino. Zikapanda kukumana, mafuta a pamimba, omwe ndi oopsa kuposa a m'ntchafu, achuluka. Bungwe la NICE la ku Britain linaika muyezo umenewu m'malangizo ake mu 2022: chiuno chisapose theka la msinkhu. Changa chingwe chimakhala pamsomali kuseri kwa chitseko cha khitchini. Tsiku loyamba panatsala mpata wolowa dzanja lonse. Pano pamalowa zala ziwiri, ngakhale kuti Khirisimasi itadutsa zinabwerera pa zitatu.

Kamnyamata kaja therere sikalifunabe, kamati ndi mamina, ndipo ndasiya kutsutsana nako. Bonongwe anatenga nthawi yoposa milungu iwiri yomwe ndinapempha kwa agogo, moti ndinasiya ndi kuwerenga komwe. Madzulo ena ndili pamkeka ndi kamtanda kanga ndi mulu wanga wa masamba, ndinaona kakundiyang'anitsitsa, kasupuni ka bonongwe wake kali chikhalire m'mphepete mwa mbale.

"Amayi, mukususa. Ndikanena kwa agogo."

"Kanene."

Sikanadzuke. Kanasendera pafupi, n'kutambasula dzanja kudutsa mbale yake, n'kutapa m'mbale yanga.